Magemu a zofukula zakale: wina akuyamika, wina akuti anataya ndalama, timvere ndani?

Achimwene ena a ku Luchenza, amene ndi kalaliki pa esiteti ina ya tiyi, atumiza funso ili: "Ndili ndi laputopu ya kaunjika, RAM yake 4GB. Tomb Raider ndinasewerako kale, pano ndikufuna gemu ya zofukula zakale yoti mutu uzigwira ntchito osati kumangowombera, komanso yoti mlongo wanga wa Fomu 3 amene amakonda History azisewera nawo. Koma ndikamawerenga zomwe anthu alemba pa Steam ndikumasokonezeka, gemu imodzi yomweyo wina akuti palibenso ina yoposa apa, wina akuti anataya ndalama. Ndimvere ndani?"

Achimwene, amvereni onse awiri, nthawi zambiri palibe amene akunama, kungoti pogula gemuyo sankafuna chinthu chimodzi. Magemu amene amatchedwa a zofukula zakalewa ali pawiri. Ena ndi oti ulowe m'manda kapena m'kachisi wakale, uzembe misampha, ukoke chitsulo chitseko chitseguke, unyamule fano la golide nkuliyatsa liwiro denga likugwa kumbuyo. Ena palibe chomwe utenge, ntchito yako ndi kudziwa kuti pamalo pano panachitika chani, ankakhalapo ndani, nanga anathera kuti. Wozolowera gulu loyamba akagula gemu ya gulu lachiwiri amalemba kuti palibe chikuchitika, anagona nayo, pomwe wa gulu lachiwiri akagwira ya gulu loyamba amati ma puzzle ake ndi a ana a sitandade 2. Nde nambala ija ya anthu oyamika yomwe Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, imaonetsa siingakuthandizeni payokha.

Ine ndikafuna kuidziwa gemu sindiyamba ndi kuona ngati yalembedwa Very Positive kapena Mixed, ndimapita kaye kwa odandaula. Woyamika amangoti gemu ya bho iyi, basi, sutolapo kanthu. Wodandaula ndi amene amafotokoza bwinobwino chomwe chamupweteka, ndipo pa magemu amenewa kawirikawiri chomwe chamupweteka iyeyo ndi chomwe inu mukusaka. Akati gemuyi siikuuza ngati wakhoza kapena walakwa, kwa munthu ngati inu imeneyo ndi nkhani yabwino. Koma akati ndinakanirira tsiku lonse chifukwa kachinthu koti nditole kanali kadontho pakona ya sikirini, limenelo ndi dandaulo lenileni, si nzeru imeneyo ndi kuzunza anthu. Onaninso maola, Steam imaonetsa nthawi yomwe wolembayo wasewera. Wa mphindi 40 akukuuzani za chiyambi chokha, koma wa maola 30 amene akudandaulabe muwerengeni modekha chifukwa wafika kumapeto. Ndipo Steam imabweza ndalama ngati simunadutse maola awiri mukusewera komanso masiku 14 chigulireni, nde ndemanga zambiri zaukali za maola ochepa ndi za anthu amene analawa nkubweza.

Tiyambe ndi Tomb Raider poti mukuidziwa. Yoyamba inatuluka mu 1996, inapangidwa ndi Core Design ku Derby ku England. Amene anakula nayo mpaka lero amati yeniyeni inali imene ija, uli wekhawekha m'chipinda chachikulu cha zii, palibe muvi wokulozera kopita, ukuwerenga masitepe usanalumphe chifukwa ukaphonya wafa. Achinyamata amene anaigwira itatulukanso yokonzedwa mu 2024 ambiri anadandaula kuti Lara Croft amayenda mouma, kumutembenuza kokha ndi ntchito. Ya 2013 ya Crystal Dynamics madandaulo anatembenuka, anthu ankati mfuti zachuluka, manda ndi ochepa, aafupi, ndipo ukhoza kumaliza gemu osalowamo ambiri a iwo. Mu Shadow of the Tomb Raider ya 2018 anayesa kusangalatsa onse, anaika poti usankhe padera kuvuta kwa nkhondo, kwa ma puzzle ndi kwa kufufuza njira, moti ukakweza kufufuzako penti yoyera ija ya pamiyala yosonyeza pokwera imachoka, ukakwezanso ma puzzle Lara amasiya kukuuza yankho usanaganize nkomwe. Chimenecho ndimachiyamika, magemu ambiri akanatengera.

Za mbiri yakale musaidalire kwenikweni. Mu ya 1996 muli malo otchedwa St Francis' Folly, ku Greece, okhala ndi zipinda zinayi za Atlas, Damocles, Neptune ndi Thor. Neptune ndi mulungu wa Aroma, Thor ndiye wa kumpoto kwenikweni kwa ma Viking, analowa bwanji ku Greece? Osewera anaseka nazo zaka zambiri mpaka mu Tomb Raider: Anniversary ya 2007 anasintha nkuikamo Poseidon ndi Hephaestus, milungu ya Agiriki. Mlongo wanuyo asakalembe zimenezo pa mayeso.

Koma vuto lalikulu si Thor. Ndi loti zomwe Lara amachita ndi zosiyana kotheratu ndi ntchito yofukula. Pofukula penipeni ife ofukula zakale timakhoma zikhomo, kumanga zingwe kabwalo ka mita imodzi mbali zonse, nkumapala dothi pang'onopang'ono ndi kachitsulo konga komwe omanga nyumba amapakira matope, dothi lililonse lidutse pa sefa, chomwe chatsala pa sefapo chilowe m'kathumba kolembedwa nambala ya bwalo ndi kuya kwake. Tsiku likhoza kutha mutatsika masentimita 10 okha, msana ukuwawa, zomwe mwapeza ndi timapale, timafupa, ndi timakala. Koma kaphale kamene kapezeka pambali pa makala kali ndi nkhani, makalawo akapita kokayezedwa ndi radiocarbon, poti theka la carbon-14 limatha pa zaka 5,730, atiuza kuti motowo unakoledwa liti, nde tadziwanso zaka za mphikawo ndi za anthu amene ankajambula mizere yotero pakamwa pa miphika yawo. Kaphale komweko wina akakatola pofukula dothi la njerwa nkukaika m'thumba la malaya osakumbuka pomwe kanali, katha ntchito, ndi chinyalala basi. Ku Mankhamba, kumunsi kwa Dedza kufupi ndi Mtakataka, komwe kunali likulu la a Kalonga a Maravi, Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda ya galasi, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu. Munthu wa magemu a gulu loyamba angati palibepo chuma apa, koma tizidutswa timeneto ndi umboni woti makolo athu ankachita malonda ofika mpaka kugombe la nyanja ya Indian Ocean azungu asanadzaze kuno.

Nde funso lomwe ndimafunsa gemu iliyonse ndi lakuti, kodi ikundipatsa mphotho chifukwa ndatenga chinthu kapena chifukwa ndamvetsa chinthu? Apa ndi pomwe Heaven's Vault ya 2019 imabwera, ya kampani yaying'ono ya inkle ya ku Cambridge. Umakhala Aliya Elasra, wofukula zakale, ukuyenda ndi loboti dzina lake Six, mwatumidwa kukasaka munthu wina wosowa. Nkhani yake ndi yopeka, ikuchitikira kutali m'mlengalenga, koma kagwiridwe ka ntchito ndi kenikeni kuposa magemu onse a mapiramidi. Umatola chinthu, kaya kampeni kaya kafano, pali zolembedwa m'chilankhulo chomwe palibe amachidziwanso, zilembo zake zolumikizana popanda mipata. Gemu imakupatsa mawu angapo oti usankhepo, iwe nkuganiza kuti poti izi zalembedwa pachitsime mwina chizindikiro ichi ndi madzi. Siikuuza kuti wakhoza. Umapita nalo yankho lakolo, kutsogolo ukakumananso ndi chizindikiro chomwecho pamalo ena, chikagwirizana kangapo Aliya amati tsopano ndatsimikiza, chikapanda kugwirizana amachifufuta, ndipo ziganizo zonse zomwe unamasulira ndi liwu lolakwikalo zagwedezeka. Pang'onopang'ono umayamba kuona wekha kuti mawu a zinthu zofanana ali ndi kachizindikiro kofanana mkati mwake, nkumatha kuwerenga liwu lomwe sunalionepo. Zili ngati momwe amayi a geni a ku Limbuli amadziwira Chipwitikizi cha pamsika wa ku Milange, palibe anawaphunzitsa m'kalasi, anamva liwu pogula chimanga, analimvanso posintha ndalama, tsiku lina linangokhazikika.

Tsono tamverani madandaulo ake. Ambiri amati kuyenda pa bwato pakati pa malo ndi malo kumachedwa, ndipo pamenepo akunena zoona, mpaka opanga anadzawonjezera njira yoti ulumphe ulendowo. Ena amati kayendedwe ka anthu pa sikirini ndi kachilendo, Aliya mwano, amalankhula mokhadzula kwa loboti uja. Izo zili kwa munthu. Koma pali gulu lomwe limakwiya kuti lamaliza gemu osadziwa ngati mbiri yomwe lapeza ndi yoona, komanso kuti malo ena ukachokako subwererako nde zomwe unaphonya zapita. Amenewo ine ndimati akudandaula ntchito yathu yeniyeniyo, chifukwa dothi ukalifukula sulibwezera momwe linalili, ndipo palibe amabwera kudzakuchonga. Mulinso kanthu kena kabwino, zomwe watola ukhoza kukapereka kwa Huang wa ku yunivesite kuti zisungidwe, kapena kwa Tapi wogulitsa zakale kuti akusinthanitse ndi zina, gemu siikukalipira, imangokusiya usankhe wekha. Chenjezo ndi loti Chingerezi chake ndi chambiri, kuwerenga kokhakokha.

Kwa mlongo wanuyo ndingayambe ndi Chants of Sennaar ya 2023, ya Rundisc a ku Toulouse ku France. Ganizo lake analitenga pa nsanja ya Babele, mitundu isanu ya anthu ikukhala nsanja imodzi koma sikumvana, iwe ukukwera nkumaphunzira chilankhulo cha aliyense. Puzzle yoyamba yeniyeniyo ndi chitseko ndi chokokera chomwe pambali pake palembedwa zizindikiro, ukakokera uku chatseguka, ukakokera uko chatsekeka, basi wadziwa mawu ako oyamba popanda wokuuza. Uli ndi kabuku komwe umalemba zomwe ukuganiza, kenako gemu imakupatsa tsamba la zithunzi kuti uike chizindikiro chilichonse pa chithunzi chake, ukakhoza tsamba lonse imatsimikiza. Anthu oyamba ukafuna kunena zambiri umabwereza chizindikiro kawiri, ukafika kwa ena kasanjidwe ka chiganizo kasintha, mutu umazungulira ndithu koma mokoma. Amene anakonda Heaven's Vault amati iyi ndi yophweka, ukhoza kumangoyesa zizindikiro mpaka tsamba livomere. Amene Heaven's Vault inawatopetsa amati iyi ndiye gemu, chifukwa imakuuza kuti wakhoza. Pomwe onse amagwirizana ndi pa zigawo zozembera alonda, ambiri sazifuna, amati tinabwera kudzawerenga osati kudzabisala kuseri kwa zipilala. Chingerezi chofunika ndi chochepa, ndipo anthu awiri mukhoza kukhala pa laputopu imodzi wina atagwira kope ndi bolopeni nkumatsutsana.

Outer Wilds ya 2019, ya Mobius Digital, ambiri amaitcha gemu yabwino koposa ya zofukula ngakhale ilibe fosholo. Dzuwa limaphulika pa mphindi 22 zilizonse nkuyambiranso, sutola chida chatsopano, sukwera levulo, chomwe chimatsala ndi zomwe wawerenga pamakoma a mtundu wakale wa Nomai. Inapata mphotho ya BAFTA ya gemu yopambana mu 2020. Odandaula amati kuyendetsa chombo ndi kovuta makamaka pa kiyibodi, ena imawachititsa chizungulire, ena amakwiya kuti nthawi yatha ali pakati powerenga. Pa laputopu yanuyo ndikukayika, isungeni m'mutu, ndipo musaonere mavidiyo ake pa YouTube chifukwa mukadziwa mayankho gemu yatha, palibenso chosewera.

Zomwe zingayende mosavuta pa makina anuwo ndi zakale zija zongodina ndi mbewa. Indiana Jones and the Fate of Atlantis ya LucasArts, 1992, ndi yaying'ono moti bandulo siimva kuwawa, ndipo anthu amaikondabe chifukwa pakati pake umasankha njira zitatu, kuyenda ndi mnzako Sophia Hapgood, kudalira nzeru wekha, kapena zibakera. Muli miyala itatu yozungulira, ya dzuwa, ya mwezi ndi ya dziko, yomwe umaisanja potsatira zomwe wawerenga m'buku la Plato, ndipo kasanjidweko kamasintha ukayambiranso gemu nde kukopera kwa mnzako sikuthandiza. Madandaulo ake ndi aja ndanena, tinthu tobisika m'zithunzi zosaoneka bwino ndi njira zosokoneza chakumapeto. Ina ndi Broken Sword ya 1996 ya Revolution Software a ku York, nkhani ya ma Knights Templar, imapezekanso pa foni za Android. Imeneyi inatchuka ndi mbuzi. Pa bwalo la nyumba ina yakale ku Ireland pali mbuzi yomangidwa, ukafuna kudutsa imakugunda nkugwa, anthu anayesa kuipatsa chilichonse cha m'thumba osatheka. Yankho linali loti uilole ikugunde, ndiye pomwe ikubwerera udine msangamsanga chipangizo chakale cholimira chili chapatali, George Stobbart, munthu amene umamuyendetsa, athamange akachisunthe, chingwe cha mbuzi chikodwe. Vuto silinali nzeru, gemu yonse kufika pamenepo inali isanafunepo kuti uchite chinthu mothamanga, nde palibe akanaganiza. Mpaka lero opanga magemu amaitchula ngati chitsanzo cha puzzle yopanda chilungamo, ndipo ataitulutsanso yokonzedwa, yotchedwa Director's Cut, anaifewetsa. Mwana wa ku Thyolo woweta mbuzi mwina akanaganiza za chingwe msanga, kaya.

Pali ina dzina lake La-Mulana, ya ku Japan, ayi si ya kwathu kuno ngakhale dzinalo likumveka ngati la pa Chitakale. Amene amaikonda amadzaza kope lonse ndi zolemba za pamiyala, ena onse amaisiya pa sabata yoyamba. Musayambire imeneyo.

Ina yomwe anthu anaikamba kwambiri itatuluka ndi Indiana Jones and the Great Circle ya MachineGames a ku Sweden, December 2024, yoyenda ku Vatican, Giza ndi Sukhothai. Osewera ambiri anadabwa kuti mfuti si yofunika kwenikweni, umayenda ndi kamera ndi kabuku, ngakhale akatswiri a ma puzzle amati ndi zophweka. Koma imafuna malo okwana 120GB, RAM 16GB ndi graphics card ya ray tracing, nde ife a kaunjika tingoimva.

Pali mkangano wina womwe muupeza m'ndemanga, wa zinthu za eni. Tomb Raider zitatu zoyamba zitatulukanso mu 2024, Crystal Dynamics anaika uthenga koyambirira wovomera kuti muli zina zonyoza mitundu ya anthu, ndipo osewera anagawanika, ena ati zinali zoyenera, ena ati musatilalikire ndi gemu chabe. Mu Shadow anayesa kuonetsa kuti kutola za eni kuli ndi zotsatira, Lara atenga mpeni wakale ku Cozumel ku Mexico, madzi osefukira nkuwononga tauni, koma pambuyo pake gemu yonse ukupitirizabe kutsegula mabokosi a eni nkumatola, nde ambiri anati kulapa kwake nkwa pakamwa. Kwa ife nkhaniyi si yapatali. Chigaza cha munthu wakale chomwe chinapezeka mu mgodi wa Broken Hill ku Kabwe mu 1921 chili ku Natural History Museum ku London, a Zambia akhala akuchipempha zaka zambiri. Indiana Jones amakonda kunena kuti zakale malo ake ndi ku myuziyamu, koma sanena kuti myuziyamu ya dziko liti. Sindikuti musasewere, ine ndimasewera, kungoti mlongo wanuyo azidziwa kuti kuno lamulo la Monuments and Relics Act sililola munthu kufukula kapena kutulutsa zakale popanda chilolezo cha boma.

Chomwe chimandiwawa nchakuti magemu ambiri a zofukula ndi Egypt, Peru, Greece, mobwerezabwereza, pomwe zopangira gemu ya gulu lachiwiri tili nazo zodzaza. Ku Chongoni ku Dedza kuli malo 127 a zojambula pamiyala, UNESCO inawalemba mu 2006, zofiira za Akafula, zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi nyau, zina zojambulidwa pamwamba pa zinzake, puzzle yokonzeka kale yoti upeze kuti chinayamba nchiti, ngakhale zina mwa izo eni ake sangalole kuti ziululidwe kwa aliyense ndipo wopanga gemu angafunike kuyamba wakhala pansi ndi akuluakulu. Ku Uraha ku Karonga mu 1991 kunapezeka chibwano cha munthu wakale cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Phiri lathu la Mulanje lomweli linalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2025 chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu ozungulira, pali Dziwe la Nkhalamba, nkhani za mizimu ya ku Sapitwa, ndi mabwinja a Fort Lister ya 1893 pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi pomwe pankadutsa akapolo. Ana athu a kompyuta akanaganizako.

Nde pa laputopu yanuyo chitani chonchi. Musanagule chilichonse tsikani pansi pa tsamba la gemuyo pa Steam pomwe alemba System Requirements, muyerekeze ndi makina anu, makamaka graphics chifukwa malaputopu a muofesi ndi pomwe amagonjera. Chants of Sennaar ili ndi demo yaulere, yambani ndi imeneyo muone ngati ikuyenda bwino komanso ngati mlongo wanu akuikonda, ikakana pitani ku Fate of Atlantis kapena Broken Sword zomwe sizisankha makina. Heaven's Vault ibwere pambuyo, muidikire pa sale ya Steam ya mu June kapena ya mu December pomwe mitengo imatsika, poti kulipira kwake kumafuna khadi ngati ya Visa ndipo ndalama yakunja mukudziwa kale momwe ikuvutira. Kudawuniloda chitani ndi bandulo ya usiku, mukatha ikani Steam pa Offline Mode, magemu onsewa safuna netiweki posewera. Pa zakale zija muzisunga gemu pafupipafupi nokha, batire ya laputopu ya kaunjika magetsi akathima siichedwa. Ndipo mukakanirira musathamangire walkthrough, mayankho a gemu yonse, sakani malo omwe akupereka hint imodzi imodzi, kapena ingotsekani mukagone mudzayesenso mawa, kupatula pa mbuzi ija, imeneyo onerani yankho basi.